Mtsuko Umene Unathawa Nyundo

"Mitsuko ya a Kanie ndaigwira yonse, koma palibe umene ungapose wanga uja. Eni ake anachita kundipatsa ndi manja awiri, misozi ili chuchuchu."

Michiyo anali kuseri kwa chipilala mu positi ofesi, akumata masitampa pa makalata oitanira alendo odzagula mitsuko, pamene anamva mawuwa. Sanafunike kusuzumira kuti adziwe wonena. Dokotala Iwase anakhala zaka makumi anayi akuyankhula ndi anthu oyasamula amene sakanatha kuwayankha, ndipo atapuma pantchito yozula mano chizolowezicho sanachisiye. Lero wogwidwa anali mayi wa pawindo logulitsira masitampa, amene sakanathawa chifukwa anali pantchito.

Za misozizo zinali zoona ndithu, Michiyo analipo. Kungoti inali misozi ya munthu amene bala la dzino silinapole, komanso wapsa mtima. Manja awiriwo anali a Michiyo.

"Moti a kunyumba ya zionetsero ya chigawo chino aufuna," anapitiriza adokotala. "Mwezi wa Epulo uikidwa m'galasi, dzina la a Kanie pansi pake, langa pansi pa la a Kanie. Ndawauza kuti langalo alembe ndi zilembo zing'onozing'ono. Zing'onozing'ono, koma zoti munthu n'kuwerenga ali pakhomo."

Michiyo anaona kuti sitampa yomaliza waimata mozondoka. Anaisiya choncho, naponya makalata onse zana limodzi ndi makumi awiri m'bokosi, natulukira khomo la kumbali.

Mwamuna wake, a Rinzo Kanie, anali woumba mitsuko ya maluwa, ndipo moyo wawo wonse anauthera pa chinthu chimodzi: kufiira. Utoto wake ndi wa phulusa, mwala wopera ndi mkuwa pang'ono, ndipo ukamapakidwa pa dongo umangooneka ngati phala lotuwa. Zotsalazo umagamula ndi moto. Mpweya ukachuluka m'ng'anjo mtsuko umatuluka wobiriwira, utsi ukapyola muyezo umatuluka ngati chiwindi, ndipo pakati pa ziwirizi pali kampata kakang'ono kamene a Kanie anakhala akukasaka kuyambira ali ndi tsitsi. Ankayatsa ng'anjo kawiri pachaka, masiku asanu osazimitsa, nkhuni za paini zokhazokha. Ikazizira ankatulutsa mitsuko, kuindandalika pabwalo, n'kuyenda pamzerepo ndi nyundo. Yopulumuka inkagulitsidwa. Yotsalayo inkapita kuseri kwa ng'anjo, kumene mulu wa mapale unali utamupitirira Michiyo msinkhu.

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo, pa tsiku lachitatu la moto, dzino la a Kanie linatupa mpaka diso kutsekeka. Kusiya ng'anjo anakana. Michiyo anatsika phiri kukaitana a Iwase, amene anakwera ndi chikwama chawo, nawakhazika a Kanie pachipika, nazula dzinolo nkhuni zina zikupsa zina zikudikira. Envelopu ya malipiro anaikana. Koma tsiku lotsegula ng'anjo anabweranso, naima pa mtsuko wina umene unali pamzere wa nyundo: wofiira mbali imodzi, paphewa pake pali chigamba cha chiwindi chodutsidwa ndi kamzere kobiriwira. Anaupempha. A Kanie anati wolephera satuluka pachipata. A Iwase anapemphanso, akusisita tsaya lawo ngati akukumbutsa zinazake. Michiyo, podziwa kuti m'tauni yonse dokotala wa mano ndi mmodzi ndipo iye mwini nayenso ali ndi mano, anatenga pepala nalemba kuti mtsukowo sunaperekedwe koma wabwerekedwa, sudzalembedwa dzina, ndipo tsiku limene kufiira kwenikweni kudzatuluke m'ng'anjo ya a Kanie udzabwerera ku nyundo. A Kanie ndi a Iwase onse awiri anadinda zidindo zawo. A Kanie anadinda akung'ung'udza kuti chaka chamawa si kutali.

Chaka chamawacho chinafika mwezi watha. Mtsuko umodzi unatuluka uli psuu kuyambira kukamwa mpaka patsinde, wopanda banga. A Kanie sanakuwe, sanavine. Anakhala pachipika mpaka tiyi kuzizira, kenako anati, "Kanditengere uja." Anaonjezera kuti watsopanowu sudzaonedwa ndi munthu, ndipo chipata sichidzatsegulidwa kwa ogula, wakale uja usanaphwanyidwe.

Michiyo anazengereza milungu itatu poganiza kuti mkuluyo aiwala. Sanaiwale. Apa makalata anali atapita, Loweruka la sabata yamawa alendo akwera phiri, maswiti a nyemba anali ataitanitsa kale, ndipo mitsuko makumi asanu ndi limodzi imene banjalo linayenera kudyera mpaka moto wina inali chifundikire nsalu m'shedi.

Anawapeza amuna ake akudya mpunga ndi nsomba yootcha, maso ali panyuzipepala.

"Bambo, adokotala akuti mtsuko uja ukupita ku chionetsero cha chigawo."

Timitengo todyera tinaima m'malere.

"Uti?"

"Ali nayo ingati yanu yopanda dzina?"

"Chiwindi chija?"

"Iwo akuti Mtambo Wochedwa."

"Anachipatsanso dzina!" A Kanie anaika mbale pansi mwamphamvu. "Iwe, chinthu chimene mwini wakene ndinachikana chikaime m'galasi dzina langa lili pansi? Anthu akwere sitima kuchokera ku Nagoya kudzaona pamene ndinagona n'kuiwala kutseka chumuni?"

"Simunagone, munakomoka. Anali atangokuzulani dzino."

"Moto sudziwa zimenezo. Ndiwe unachitulutsa pachipata. Kachitenge."

"Inu munadinda."

"Ndinali ndi mankhwala m'mutu."

"Nanga akakana? Loweruka ndiwauze chiyani anthu onse aja?"

"Uwapatse maswiti," anatero a Kanie, nabwerera kunyuzipepala.

M'mawa mwake Michiyo anavala malaya a kukaona anthu, nagula bokosi la makeke a mpunga, naika pepala lija m'chikwama. Kwa a Iwase kunali chipinda chimene ankachitchula kuti chosungiramo, ngakhale chinali chachikulu kuposa chogona. Makoma onse anali mashelefu, ndipo pamashelefupo panali mabokosi a matabwa opepuka omangidwa ndi zingwe zansalu, mazana awiri ndi kanthu. Mitsuko yeniyeniyo siinkaoneka. Umodzi unkatuluka pamwezi, kukhala pakona ya ulemu, n'kubwerera. Madzi sunalawepo ndi umodzi womwe, duwa ndiye osanena.

"Mwabwera bwino, mayi, mwachita ngati munalota," anatero adokotala, akumasula chingwe cha bokosi lina pang'onopang'ono ngati akumasula bandeji. "Ndimafuna ndikutumeni kwa amisiri. Taonani chivindikirochi. Choyera mbee. Mtsuko wopanda dzina la mwini wake pachivindikiro uli ngati munthu wopanda chiphaso. Epulo asanafike andilembereko, mawu awiri atatu basi, ndi chidindo."

Michiyo anamwa tiyi kuti asayankhe.

Mtsuko unatuluka m'nsalu zitatu. Michiyo anali asanauone kuyambira tsiku lija. Chigamba chinali pomwepo, sichinachepe.

"Anthu wamba amati banga," anatero a Iwase, akuloza ndi chikhatho chonse poti chala n'chipongwe. "Koma apa ndi pamene mmisiri anaulola moto kuti uyankhule wokha. Zimafuna kulimba mtima zimenezi. Ndinalembapo masamba khumi ndi awiri m'magazini ya madokotala a mano."

"Ndinawerenga," ananama Michiyo. Kenako anatulutsa pepala lija, naliwongola pamkeka, nalitembenuzira kwa mwini nyumba. "Adokotala, kufiira kwatuluka."

A Iwase anawerenga atavala magalasi. Anawerenganso atavula.

"Mayi, izi zinali zamwambo chabe."

"Chidindochi n'chanu?"

"N'changa, koma amene anadinda apayu anali mwana wa zaka makumi asanu ndi zitatu."

"Ndiye mwanayo wakula, abweze."

"Taimani kaye. Apa palembedwa kuti kufiira kwenikweni. Wanena kuti n'kwenikweni ndani?"

"Amene anaotcha mtsukowo."

"Aa, ayi, ayi. Mmisiri saweruza ntchito yake. N'chifukwa chake kuli ife."

"Ife ndani?"

"Ife a maso."

Michiyo anayang'ana kudenga. Anaganiza za basi ya masana imene inali itamusiya, za maswiti, za amuna awiri a zaka zoposa makumi asanu ndi awiri amene aliyense ankakhulupirira kuti dziko lonse likudikira chigamulo chake pa nkhani ya chigamba.

"Chabwino," anatero. "Loweruka m'mawa bwerani nawo. Tiuika pambali pa watsopano. A Ando a kunyumba ya zionetsero adzakhalapo, ndi ogula akale angapo. Muone ndi maso anuwo. Mukanena pamaso pawo kuti kufiira sikunatuluke, mubwerera nawo kwanu."

A Iwase anawongola msana. Chibadwire sanakanepo kuweruza chinthu pamaso pa anthu.

Ali m'basi Michiyo anazindikira chimene wachita. Anali ataika chipata, mitsuko makumi asanu ndi limodzi ndi mtendere wa m'nyumba mwake pa lilime la munthu amene m'positi ofesi amalira misozi ya anthu ena. Ndipo anali asanafunse amuna ake.

"Ndinati sudzaonedwa ndi munthu," anatero a Kanie atamva.

"Adokotala akuti iwo si munthu wamba, ndi a maso."

"Maso ati? Zaka zonsezi akugwadira chiwindi."

"Ndiye mukuopa chiyani?"

"Ndani akuopa?"

Zinatenga masiku awiri osayankhulana kuti avomere, ndipo povomerapo sananene kuti avomera. Anangofunsa ngati nyundo ija ili ndi mpini wolimba.

Loweruka kunacha kozizira. Alendo asanu ndi atatu osankhidwa analowetsedwa m'shedi, nagwada pamikeka. Ena onse anaima kunja kwa chipata, manja m'matumba, akusuzumira m'mipata ya nsungwi ndi kufunsana chimene chachitika. Michiyo anapita kawiri kukawapepesa, ndipo kachiwiriko mayi wina wochokera ku Gifu anamuonetsa kalata yoitanira, naloza nthawi yolembedwapo.

A Iwase anafika mochedwa, atavala zakuda za pamwambo, bokosi lili m'nsalu yofiirira pachifuwa ngati anyamula phulusa la mtembo wa m'bale wawo. Anawerama kwa a Kanie. A Kanie anawerama pang'ono kuposa pamenepo.

Alendo anavula mphete ndi mawotchi kuti asakande mitsuko. Mtsuko wakale unayamba kuyenda, aliyense ataika zigongono pamaondo, osaukweza kupitirira chikhatho kuchokera pamkeka. Aliyense ankautembenuza, kufika pachigamba, kukoka mpweya ndi mano, n'kuupereka kwa mnzake. Palibe ankafuna kuoneka kuti ali mbali iti. A Ando, mayi wa magalasi okhuthala amene analemba kale dzina la mtsukowo m'ndandanda wa chionetsero, anafunsidwa maganizo awo. Anayankhula mphindi zisanu za ubale wa moto ndi nthawi, ndipo atamaliza aliyense anagwedeza mutu osadziwa ngati ayamikira kapena adandaula.

"Mwatha?" anafunsa a Kanie. Anatambasula dzanja navundukula nsalu pa watsopano.

Mtsukowo sunali waukulu. Kufiira kwake kunali kozama ngati kukuchokera m'kati, kowala pang'ono kukamwa, n'kumanka kukhwima potsika mpaka patsinde pamene utoto unaima wokha, osadontha. Michiyo anali atauona kale kambiri popukuta fumbi, koma nayenso anaiwala kwa kanthawi za anthu a pachipata.

A Iwase anaulandira. Anautembenuza kamodzi, kawiri. Anavala magalasi. Anauyang'ana patsinde. Kenako anapisa m'malaya natulutsa kagalasi kawo ka pantchito, kokhala ndi kampini, nakalowetsa m'kamwa mwa mtsuko kuti aone m'kati.

"Mupeza dzino lobooka?" anafunsa a Kanie.

Michiyo ankayang'ana adokotala pakhosi. Ankadziwa kuti mawu amodzi okha, oti "kwatsala pang'ono", akwanira kuti alendo onse atsike phiri chimanjamanja, ndipo panalibe m'shedimo amene akanalimba mtima kuwatsutsa. A Iwase anabweza kagalasi m'malaya. Anaika mtsuko pamkeka.

"Kwatuluka," anatero.

Kuyambira pamene anapuma pantchito, palibe anawamvapo akunena chinthu chachifupi chotero. Koma sizinakhalitse. Anatembenukira kwa alendo nayamba kutsanzika Mtambo Wochedwa: mmene unawasangalatsira m'nyengo yachisanu, mmene anauthawitsira pansi pa tebulo nthawi ya chivomerezi akazi awo ali m'bafa, ndi mfundo zikuluzikulu za masamba khumi ndi awiri aja kwa amene sanapeze mwayi wowerenga. Kunja wina anagogoda chipata. Pomaliza ananyamula mtsukowo ndi manja awiri naupereka kwa a Kanie.

Onse anatuluka pabwalo. Mtsuko unaikidwa pamwala wophwanyira. A Kanie anatenga nyundo, nakweza dzanja.

Dzanjalo linakhala m'mwamba. Kenako linatsika lokha. A Kanie anawerama, napendeketsa mtsuko, nayendetsa chala pakamwa pake.

"Mlomowu ndinauumba bwino," anatero chapansipansi.

"Bambo," anatero Michiyo.

"Masiku ano dzanja silibweza chonchi. Taona khosili. Dongo lakenso ndi la kudzenje lija anatseka."

"Bambo, anthu akudikira."

"Chigambachi n'chonyansa, sindikukana. Koma kamzere kobiriwiraka…" A Kanie anadzuka, natembenuza nyundo, naloza mpini kwa a Iwase. "Adokotala, mwausunga zaka zonsezi. Ulemu ndi wanu."

"Ine? Ayi, amisiri, sindingayerekeze. Amene anaupatsa moyo ndi inu."

"Ndikupemphani."

"Ndikupemphani ine."

"Inu munazolowera kuzula."

"Ndinapuma pantchito."

Anawerama. Anaweramanso. Nyundo inapita, inabwerera, inapitanso, ndipo alendo asanu ndi atatu ankaitsata ndi maso. A Ando anayamba kunena kuti mwina nkhaniyi ingafunike kakomiti. A Kanie anati n'zoona, zinthu zotere sizifuna phuma, mwina pofika nyengo ya maluwa. A Iwase anati iwo angausungebe pakadali pano, malo alipo.

Michiyo anailandira nyundo ili pakati pa ulendo wachinayi. Sanawerame kwa aliyense. Anamenya kamodzi, paphewa penipeni pa chigamba.

Mtsuko unagawika zidutswa zinayi. Wina mwa alendo anati "Aa!" Amuna awiri aja anaima kukamwa kuli yasa, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri a Iwase anali mbali ya oyasamula.

Kenako adokotala anagwada. Anatola chidutswa chimodzi, natolanso china, naziyandikizitsa. Zinagwirana bwinobwino. Nkhope yawo inayamba kuwala.

"Zinayi zokha," ananong'ona. "Zoduka bwino. Mayi Ando, ku Kanazawa kuli mkulu uja amalumikiza ndi ulimbo n'kupaka golide m'ming'alu, adakali moyo?"

"Alipo," anayankha a Ando, nawonso akugwada. "Ndipotu yolumikizidwa ndi golide anthu amaikonda kwambiri. Ndi mbiri imene yachitika lero, pamaso pa mboni, tikhoza kuuika pakhomo penipeni pa chionetsero."

"Pepala linati ubwerere ku nyundo," anatero a Iwase, akuyang'ana aliyense. "Wabwerera. Za mapale silinanene."

A Kanie, amene mphindi ziwiri zapitazo ankasisita khosi la mtsukowo, anatuwa. "Chiwindi chovala golide? Pakhomo? Dzina langa lili pansi?"

"Zilembo zikuluzikulu," anawatonthoza adokotala.

"Adokotala, chotsani zala," anatero Michiyo.

"Mayi, taimani, tikambirane…"

"Zala."

A Iwase anachotsa. Michiyo anagwada pamwalapo, napinda mikono ya malaya, nayamba kusinja. Anasinja khosi loumbidwa bwino lija, anasinja mlomo, anasinja chigamba ndi kamzere kake. Chidutswa china chinathawira pafupi ndi phazi la a Ando, ndipo Michiyo anatambasula dzanja nachibweza. Sanafulumire. Anasiya pamene panalibenso kanthu koposa njere ya mpunga, nafunsa ngati mkulu wa ku Kanazawa uja amalumikizanso mchenga.

Kenako anadzuka pamwalapo.

Anatulutsa pepala m'lamba, ndi kabokosi ka inki yofiira. Pansi pa zidindo ziwiri zakale analemba tsiku, ndi mawu akuti mtsuko wabwezedwa wonse ndipo palibe wotsala ndi mangawa kwa mnzake. Anawerenga mokweza kuti a kumapeto amve.

"Bambo, dindani."

"Ndinakauumba bwino kakhosi kaja," anatero a Kanie, koma anadinda.

"Adokotala."

A Iwase anafufuza chidindo m'malaya nthawi yaitali. Anachinyika mu inki, nayang'ana fumbi la pamwala, nadinda. Anatsegula pakamwa kuti anenepo mawu awiri atatu, koma Michiyo anali atatembenuzira kale pepala kwa a Ando kuti aikepo chawo ngati mboni. Alendo ena awiri anadindanso osapemphedwa.

Michiyo anauzira inki kuti iume, napinda pepalalo, nalibweza m'lamba. Kenako anapita kukatsegula chipata, nyundo idakali m'manja, moti amene anali kutsogolo kwa mzere anayamba abwerera m'mbuyo pang'ono asanalowe.